Namasaya wa pa Chikwangwani

Lachitatu, 9 Okutobala

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino ndiponso kuti mwendo unkakuvutani uja wasiya. Kuno ndikati tili bwino ndikunamizani. Ndalemba pa pepala ngati anthu akale chifukwa pa foni tinalephera kumvana Lamlungu lija. Munandidula ndili pakati pa mawu, ndiye ndati pepala lokha simulidula. Ndapatsira dalaivala wa basi amene amatibweretsera katundu wanu uja, ndipo ndamuuza kuti asasiye kwa mlonda kapena kwa mnzanu wogona naye nyumba imodzi, apereke m'manja mwanu.

Nkhani ndi yomwe ija. Mwana wanu Namasaya akudwala, ndipo adokotala akufuna kuti agonekedwe m'chipatala. Iye wakana, akuti alowa pokhapokha amayi ake atamuuza ndi pakamwa pawo. Inu mwamuuza kuti asalowe. Adokotala akuti sangamugwire ngati mbava pamene mayi ake omubereka akukana. Ndiye ife tagwira njakata, mwana akutha tikumuona.

Mawu anu aja sindinawaiwale. Munati, "Iwe usandiopseze. Mwana ndimamuona ndekha pa vidiyo, masaya ake ali pomwepo." Nditati ndikutumizireni chithunzi chake chenicheni munaseka n'kunena kuti, "Chithunzi chochokera kwa iwe? Kuwondetsa anthu pa kompyuta si ndiye ntchito yako imeneyo?" Zinandiwawa, achemwali, sindibisa. Komabe wakutsina khutu ndi mnansi. Khalani pansi muwerenge mpaka kumapeto, kenako mundinyoze bwino.

Mukudziwa kuti chilembereni mayeso ake mwanayu wakhala akundithandiza ku situdiyo. Amalandira anthu, amasita nsalu ya kumbuyo ija, amasuntha magetsi, ndipo ana olira pojambulidwa amawaseketsa kuposa ine. Dzanja lake pa kompyuta ndi lofewa. Ndinamuonetsa kamodzi kokha kachotsedwe ka ziphuphu pa nkhope ya mkwatibwi, mawa lake akundiposa.

Tsiku lina kunabwera mayi wa shopu ya zovala ija ili pafupi ndi pokwerera basi. Ankafuna mtsikana woti avale madiresi ake atsopano, timujambule, ayike pa chikwangwani ndi pa intaneti. Ataona Namasaya akusesa anati, "Uyu bwanji? Nkhope ili nayo." Mwana anasangalala kudumpha. Nanenso ndinasangalala, ndipo inunso titakuuzani munati zili bwino, musaiwale.

Tinajambula tsiku lonse. Madzulo ndili pa kompyuta, mayi uja anaima kumbuyo kwanga n'kumaloza ndi chala cha chikhadabo chachitali. "Apa pachiuno tachepetsani. Eya, pang'ononso. Mikonoyi ikhale ngati ya atsikana a m'mavidiyo aja. Masayawa ndiye ayi, akubisa ndolo." Ine ndinkangokoka monga ankanenera. Namasaya anali chapambali atanyamula madiresi, akuona zonse. Nditamaliza anawerama n'kufunsa kuti, "Malume, ndine ameneyu?" Tonse tinaseka.

Musayambe kundiweruza apa. Imeneyi ndi ntchito imene ndimagwira tsiku ndi tsiku. Akwatibwi, azibusa, ofuna ntchito za m'mahotela, onse amalowa muno n'kunena kuti ndichotseni mimba, ndiwalitseni khungu. Ndikakana ine apita kwa wina wa kuseri kwa msika. Nanga wosula mpeni amamuimba mlandu wina akadzicheka?

Chikwangwani chinakwezedwa pa khomo la shopu, chachitali kuposa chitseko, mumsewu womwewo umene mwana amadutsa m'mawa ndi madzulo. Pa intaneti anthu anachikonda kwabasi. Amene anali asanamupatsepo moni kusukulu anayamba kumulembera. Mwana amayenda mapazi osagunda pansi.

Kenako mayi wa shopu anati Namasaya achite vidiyo yoti anthu aziona nthawi yomweyo, akuonetsa zovala. Anachitira mu situdiyo. Ali mkati, mlamu wanu analowa ndi chakudya chamasana, osadziwa chimene chikuchitika, n'kuitana monga timaitanira, "Namasaya, tabwera udye zisanazizire!" Basi. Anthu oonera aja anatola dzinalo ngati apeza ndalama. Ndemanga zinayamba kugwa, ine ndinaziwerenga pambuyo pake. Wina anati dzina lamukhala. Wina anafunsa ngati ameneyu ndi azakhali ake a mtsikana wa pa chikwangwani. Wina, Mulungu amuone, analemba kuti, "Uyu wamumeza wa pa chikwangwani uja." Anadula kachidutswa ka vidiyoyo n'kuyikamo nyimbo, kanayenda m'mafoni a anthu mpaka makasitomala anga akundionetsa ine mwini wake, akuseka.

Tsiku limenelo mwana anamaliza vidiyo akumwetulira, anapinda madiresi, anadya chakudya chake chonse. Ine ndinati mwana wa mlongo wanga ndi wolimba mtima, zatha.

Poyamba zinkaoneka ngati zabwino. Anayamba kuthamanga m'mawa, anasiya shuga mu tiyi. Mayi wa shopu anamuyamikira, anthu a pa intaneti omwe ankamuseka aja n'kutembenuka, "Eee, wasinthatu, watani?" Mlamu wanu yekha ndiye anayamba kung'ung'udza kuti mwanayu wasiya kudya nafe pa tebulo. Amati ndadya kale ku situdiyo. Ku situdiyo amandiuza kuti ndadya kale kunyumba. Ife akuluakulu awiri, ogona chipinda chimodzi, tinatha miyezi osafunsana.

Chinatiululira ndi fungo. Mu situdiyo munayamba kununkha, ine n'kumati khoswe wafera kudenga. Ndikusuntha mpukutu wa nsalu zakale uli pakona, ndinapeza majumbo omangamanga, mpunga, mazira, buledi, zonse zimene mlamu wanu ankamulongedzera, zitachita nkhungu. Nditamufunsa anandiyang'ana m'maso n'kunena kuti, "Ndimasungira agalu a kwa aneba, malume." Aneba athu alibe galu.

Apa ndi pamene tinasochera, ndipo ndikuuzani kuti mudziwe kuti sitinangokhala manja lende. Mlamu wanu anamumva akusanza kubafa, nthawi yomweyo anati ndi mimba. Anamutsekera kuchipinda, kumufunsa za anyamata mpaka onse awiri kulira. Kuchipatala anati palibe mimba. Anthu a mumsewu mwathu anayamba kunong'ona, mukudziwa zimene anthu amaganiza mtsikana akawonda msanga. Tinakayezetsa magazi, ali bwinobwino. Chifuwa chachikulu, palibe. Shuga, palibe. Achemwali, tinabwerera kunyumba tikusekerera, ine mpaka ndinagula zakumwa kuti tithokoze Mulungu. Namasaya anagwira botolo lake osalitsegula, ife osaona kanthu. Tinkafunafuna matenda amene tikuwadziwa. Zoti munthu angadzimane chakudya chili pamaso pake, m'nyumba mwa anthu amene anakula akulimbirana zotsala m'poto, zinali zisanalowepo m'mutu mwanga.

Mlamu wanu ndiye anadzatenga foni yake mwana ali kosamba. Zimene anaona anabwera nazo ku situdiyo. Kuli gulu la atsikana, ena a kuno ena a mayiko akutali, amene amatumizirana zithunzi za mikono ndi nthiti zawo. Wina akalemba kuti "lero ndapambana" ndiye kuti tsiku latha osaika kanthu kukamwa, anzake n'kumuombera m'manja. Amaphunzitsana kanamizidwe ka makolo, kabisidwe ka chakudya. Kulinso ena ogulitsa tiyi wotsegula m'mimba, amene anamupatsa waulere kuti azimuonetsa pa mavidiyo ake. Mapaketi ake tinawapeza m'kati mwa pilo. Tinamulanda foni, iye anasiya ngakhale madzi mpaka tinamubwezera. Mutiuze inuyo, tikanatani?

Tsopano ndifike pa masaya amene mumawaona aja. Mwanayu akamalankhula nanu amavala majuzi awiri, amakhala pansi pa getsi langa lofewa lija, ndipo mu foni muli kanthu kamene kamakonza nkhope munthu akulankhula. Anzake amakagwiritsa ntchito pochepetsa. Iye kwa inu amatembenuza, amawonjezera. Tengani chithunzi chimene anakutumizirani pa tsiku lanu lobadwa, muchikulitse, muyang'ane chitsulo cha pa windo kumbuyo kwa tsaya lake lamanzere. Chapindika. Windo limenelo ndinaliika ndekha, chitsulo chake n'chowongoka. Tsiku lomwelo, chithunzi chomwecho, anachiika pa intaneti atachiwondetsa kuposa mmene alili. Amadziwa kuti inu mukaona zoona mumuletsa, ndiye amakupatsani mwana amene munamusiya.

Loweruka lapitali ndinali kujambula banja lina, bambo, mayi ndi ana awo atavala zofanana. Namasaya anagwira chobwezera kuwala pa nkhope za ojambulidwa, chopepuka ngati mbale ya pulasitiki. Ndili kuseri kwa kamera ndinaona kuwala kukutsika pa nkhope za anthu. Ndinati, "Kweza, iwe." Kuwala kunatsikabe. Nditachotsa diso pa kamera, mwana anali akupita pansi, maso ali gwa, mutu n'kumenya mwendo wa getsi. Mayi wa banja lija anakuwa. Ine ndinamunyamula kuthamangira kumsewu. Mwana uja ndinkalephera kumukweza pa njinga ali sitandade faifi, ndinamunyamula ndi mkono umodzi, winawo ndikuimitsa galimoto. Kupyola majuzi awiri ndinkamva mafupa a msana wake m'dzanja langa.

Kuchipatala tinapeza adokotala achizimayi, odekha. Anamuyeza, anamufunsa mafunso ife tili panja, kenako anatiitana. Anati amenewa ndi matenda, ali ndi dzina, si mwano ndipo si kudzikonda. Amagwira maganizo, munthu n'kumaopa chakudya, n'kumadziona wonenepa pamene watha. Anati mtima wake ukugunda pang'onopang'ono kwambiri, mchere wa m'magazi watsika chifukwa cha kusanza ndi tiyi uja, ndipo mtima wotere umatha kungoima, munthu ali chikhalire, osadwalika n'komwe. Ndinafunsa kuti tili ndi nthawi yaitali bwanji. Anati, "Bambo, funso limenelo sindingaliyankhe, n'chifukwa chake ndikufuna agone pano lero." Anatinso tisayese kumudyetsa mokakamiza kunyumba, thupi lotere likalandira chakudya chambiri mwadzidzidzi ndi ngozi inanso. Ziyenera kuchitika pang'onopang'ono iwo akuona, ndiponso pali aphungu olankhula naye.

Namasaya anamva zonsezo atakhala pa bedi, bandeji ili pamphumi. Anati, "Ndamva, adokotala. Koma ndifunse kaye amayi." Anadziwa chimene akuchita. Lamlungu anakuimbirani yekha ali kuchipinda, majuzi awiri, nsalu kumutu yobisa bandeji, n'kukuuzani kuti anangochita chizungulire chifukwa cha kutentha ndipo amalume akufuna kumutsekera ndi amisala. Zotsatira zake mukuzidziwa, munandiimbira ine.

Sindikukuimbani mlandu. Munapita kutali kuti mwanayu aphunzire, mumagwira ntchito yoimirira tsiku lonse, ndipo chimene chimakugonetsani tulo ndi nkhope imene mumaiona pa foniyo. Wina akabwera n'kunena kuti nkhopeyo ndi yabodza, ndani angamulandire ndi manja awiri? Koma mwana munasiya m'manja mwanga, ndipo mutu ukakula sulewa nkhonya. Nditukwaneni, ndilandira.

Lolemba m'mawa, mutu utaima, ndinapita kwa mayi wa shopu. Ndinamupeza akupachika madiresi panja. Ndinati chikwangwanichi chitsike lero. Anati, "Chifukwa?" Ndinamuuza. Anagwira pakamwa, anati pepani, kenako n'kunena kuti chikwangwani n'chake ndipo makasitomala anachizolowera. Ndinakweza mawu, anthu a pokwerera basi n'kuyamba kutembenuka. Ndinati mwapha mwana ndi chala chanu cholozaloza chija. Iye sanakweze mawu. Anangoti, "Ine ndinkaloza, bambo. Ankakoka ndani?"

Anthu ena pakamwa pawo mpoipa. Sindinafune kukangana ndi munthu wamkazi pamsewu. Ndinabwereka makwerero kwa wowotcherera zitsulo wa pafupi, ndinakwera, ndinadula zingwe ndi mpeni, chinthu chija n'kugwera pansi. Mayi uja anati akandisumira. Akasume.

Ndinachipinda n'kupita nacho kunyumba, ndikuganiza kuti mwana aona kuti amalume ake amumenyera nkhondo. Ndinamupeza pakhonde akuwothera dzuwa, poti masiku ano amamva kuzizira ngakhale masana. Ataona chimene ndanyamula anaimirira mogwira khoma.

"Mwachotseranji?"

"Chinthu chabodza ichi, mwana wanga. Munthu ameneyu kulibe. Ndinamupanga ndine pa kompyuta, iwe ukuona."

"Ndikudziwa," anatero. "Koma ndinatsala pang'ono kumupeza."

Ndinachitambasula pansi pomwepo. Ndinati tayang'ana mikono iyi, uyang'anenso yako. Achemwali, mtsikana wa pa chikwangwani uja ndi wonenepa tsopano mukamuyerekeza ndi mwana wanu. Mwana wanu anamupitirira kalekale kuwonda. Mlamu wanu anaona, anathawira kukhitchini. Koma mwini wake anayang'ana chikwangwani, anadziyang'ana, n'kunena kuti, "Malume, inu mumandikonda, n'chifukwa chake simuona." Sankachita mwano. Ankalankhula ngati akundipepesa.

Kuyambira pamenepo sindikugwira ntchito bwino. Ndikamva chinthu chagwa kunyumba kwa aneba ndimathamanga. Mlamu wanu akamuona wagona masana amakaima pakhomo kudikira kuti bulangete ligwedezeke. Ana athu asiya kusewera m'nyumba. Wamng'ono uja dzulo anamubweretsera theka la bisiketi yake, n'kumuuza kuti, "Idyani, sisi, sindikanena." Iye anamupsompsona pamutu, bisiketi anaika m'thumba.

Dzulo lomwelo tinapitanso kuchipatala kuti akamuone bala lija. Anamwino anatenga tepi n'kumuyeza mkono, pakati pa phewa ndi chigongono, n'kulemba nambala. Ine ndikuona ndinaganiza za inu. Ndinati nambala ndikawauza anena kuti ndapeka, chithunzi anakana kale. M'thumba mwanga munali ulusi wakuda umene ndimasokera nsalu ya ku situdiyo. Ndinapempha anamwino kuti andilole. Anandiyang'ana, kenako anagwira okha mkono wa mwana. Ndinazunguliza ulusiwo pamalo omwewo, osakoka, osamanga kwambiri, ndinamanga mfundo pamene unayambira ndi pamene unakumana, anamwino n'kudula ndi sizasi yawo.

Namasaya anati, "Tandionetsani." Ndinalumikiza mfundo ziwirizo n'kuika kabwalo kake pa chikhatho changa. Anakayang'ana nthawi yaitali. Kenako anapukusa mutu.

"Si wanga umenewo. Mwachepetsa. Wanga ndi waukulu."

Anamwino anatembenukira kukhoma. Ine ndinalira, achemwali, pamaso pa mwana ndi pa anthu, chimene sindinachite ngakhale pa maliro a bambo athu.

Chimene ndikupempha n'chimodzi. Muimbireni, mumuuze ndi pakamwa panu kuti alowe m'chipatala. Musamufunse ngati akufuna, musamufunse ngati wadya, ayankha bwino kwambiri. Akalira musafewe. Akanena kuti amalume ndi abodza, muvomere kuti ndi abodza, koma alowe. Bedi adokotala atisungira, ngakhale anena kuti sangalisunge mpaka kalekale, odwala ndi ambiri. Ndipo ngati abwana anu ali ndi mtima wa munthu, pemphani tchuthi mubwere. Musagule zovala, musagule nsapato, palibe chimene chimukwane. Mubwere inuyo.

Mlamu wanu akupereka moni, akuti musamukwiyire chifukwa cha kuitana kuja, sakugona nako tulo. Ana onse akuti moni kwa azakhali. Wowotcherera zitsulo uja, amene simumudziwa n'komwe, akuti akukupemphererani. Mwana wanu ali panja pano pa mpando, wafunda bulangete, dzuwa lili pamutu. Ndamuuza kuti ndikukulemberani ndipo ndamufunsa choti ndiyike. Akuti, "Muwauze amayi kuti ndili bwino, ndawasowa, asavutike kubwera." Ndalemba monga wanenera.

Ulusi uja ndaumata ndi selotepi m'munsi mwa tsamba lino. Umatuleni bwinobwino. Lumikizani mfundo ziwirizo, muyese kuuzunguliza pa dzanja lanu, pamene mumavala wotchi. Mukatero, foni yanga ndi yotsegula.

Ndine mlongo wanu,
Malume ake a mwana